Opaleshoni ya Khomo la Mtima Lotchedwa Mitral: Njira Zake ndi Zotsatira Zake

Mu mtima wa munthu muli khomo limene dzina lake linachokera m'tchalitchi. Andreas Vesalius, katswiri wobadwira ku Brussels amene anasindikiza buku lalikulu lofotokoza za thupi la munthu m'chaka cha 1543, atayang'ana zitseko ziwiri za khomoli anaona kuti zikufanana ndi chisoti cha nsonga ziwiri chimene Ambuye Episkopi amavala pa Misa ya chikondwerero. Chisoticho pa Chilatini chimatchedwa mitra, ndipo mpaka lero madotolo a dziko lonse amalitchula khomoli kuti mitral.

Chimene tikulembera za khomoli si dzina lakelo ayi, koma chifukwa ndi limene limawonongeka kawirikawiri mwa ana ndi achinyamata a kuno kwathu. Nthawi ndi nthawi m'maparishi mumamveka pempho lakuti mwana wa sukulu kapena mayi wachitsikana akufunika opaleshoni ya mtima, kawirikawiri ku India, popeza kwa zaka zambiri opaleshoni yotereyi sinkachitika m'dziko muno. Akhristu m'miphakati amasonkha kangachepe, banja limagulitsa mbuzi kapena munda, ndipo pamene ndalama zayandikira kukwana funso limene abale amafunsa ndi lakuti: kodi akang'amba chifuwa chonse, kapena akangoboola pang'ono m'nthiti monga tikumvera kuti amachitira masiku ano?

Funsolo ndi loyenera ndithu, ndipo tiliyankha. Koma tinene poyambirira pomwe kuti mwa mafunso onse okhudza opaleshoniyi, limeneli ndi laling'ono. Moyo wa wodwala m'zaka khumi kapena makumi awiri zotsatira umadalira kwambiri chimene dotolo akachite pa khomolo atalifikira, nthawi imene wodwala wafikira m'manja mwake, ndiponso chisamaliro chimene akachipeze atabwerera kumudzi.

Khomolo ndi ntchito yake

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Magazi amene alandira mpweya wabwino m'mapapo amalowa m'chipinda chapamwamba chakumanzere, n'kutsikira m'chipinda chapansi chakumanzere, chimene ndi champhamvu kuposa zonse chifukwa ndicho chimawapopera ku thupi lonse. Pakati pa zipinda ziwirizi ndi pamene pali khomo la mitral. Amisiri okonza mijigo amachidziwa bwino chinthu chotere: pansi pa paipi pamakhala valavu yolola madzi kukwera koma yowaletsa kubwerera m'chitsime. Khomoli lili ndi zitseko ziwiri zopyapyala, felemu yozungulira imene zitsekozo zamerapo, ndi tizingwe tambiri timene timamangirira m'mphepete mwa zitseko ku timinofu ta m'chipinda chapansi, kuti mtima ukafinya zitsekozo zisapindikire m'mwamba. Limatseguka ndi kutsekeka pafupifupi ka 100,000 pa tsiku.

Khomoli limadwala mwa njira ziwiri. Likhoza kupanikizika, osatseguka mokwanira. Khomo labwino limatseguka masikweya sentimita 4 mpaka 6, koma likachepa kufika pa 1.5 madotolo amati lapanikizika kwambiri. Pamenepo magazi amadikha m'chipinda chapamwamba ndi m'mapapo, munthu amachita phuma pokwera kamtunda, amalephera kugona chagada, nthawi zina amatsokomola magazi, mwakuti ena amayamba aganiziridwa kuti ali ndi chifuwa chachikulu. Likhozanso kudontha, osatsekeka bwino, kotero kuti mtima ukapopa, magazi ena amabwerera kumene achokera, ndipo mtima umakula ndi kutopa chifukwa chosenza mtolo umodzi kawiri.

Ku Ulaya ndi ku America, khomoli limadontha makamaka mwa anthu achikulire chifukwa chakuti chitseko chalendewera kapena kachingwe kaduka, pamene mbali zina zonse zili bwino. Kwathu kuno nkhani ndi ina. Chimene chimaliwononga ndi matenda otchedwa rheumatic fever, amene amayamba ndi zilonda zakukhosi zobwera ndi tizilombo ta streptococcus. Mwana akapanda kulandira penisilini, chitetezo cha thupi lake chikhoza kusokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mafupa ndi makomo a mtima. Zikabwerezabwereza, zitseko zimakhuthala, zimamatirirana m'makona, tizingwe timafupika ndi kuphatikana. Anthu oposa 40 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi matenda a mtima amenewa, ndipo oposa 300,000 amamwalira nawo chaka chilichonse. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, amene anaunika ana 1,450 ku Lilongwe ndi makina a echo, anapeza zizindikiro zobisika za matendawa mwa ana oposa 3 pa 100 aliwonse, ana ooneka athanzi amene makolo awo sankadziwa kanthu.

Kusiyana kumeneku tikukumbukire, chifukwa zambiri zimene zimalembedwa potamanda njira zatsopano za opaleshoni zinayesedwa pa khomo la munthu wokalamba wa ku Ulaya, osati pa khomo louma la mtsikana wa zaka 19 wa ku Dedza kapena ku Nsanje.

Kuchokera pa chala kufika pa kabaluni

Opaleshoni yoyamba ya khomoli inali yofuna kutsegula khomo lopanikizika mtima ukugunda. Elliott Cutler anayesa ku Boston mu 1923 ndi kampeni, pa mtsikana wa zaka 12, ndipo mtsikanayo anapulumuka. Koma odwala amene anatsatira anamwalira, Cutler n'kuleka. Mu 1925 Henry Souttar ku London anaboola chipinda chapamwamba cha mtima wa mtsikana wina, n'kulowetsa chala chake ndi kukulitsa khomolo. Wodwalayo anakhala ndi moyo zaka zingapo, koma madotolo anzake a Souttar anaona ngati wachita zamisala ndipo sanamutumizirenso wodwala wina. Panapita zaka zoposa 20 mpaka mu 1948, pamene Charles Bailey ku Philadelphia, Dwight Harken ku Boston ndi Russell Brock ku London, aliyense payekha, anaonetsa kuti njira ya chalayo imathandizadi. Inali yotsika mtengo, yosafuna makina ambiri, ndipo inapulumutsa anthu ochuluka zedi ku India ndi mu Africa kwa zaka makumi angapo.

Lero ntchito imeneyi yasiyidwa kwambiri m'manja mwa kabaluni. Dotolo wa ku Japan, Kanji Inoue, anafalitsa njirayi mu 1984. Amalowetsa kachubu mu mtsempha wa m'mphechepeche, kamakwera mpaka ku mtima, amaboola khoma lolekanitsa zipinda zapamwamba, ndipo kabaluni kakafika pa khomo amakapopa kuti kang'ambe makona omatirirana aja. Palibe kucheka chifuwa, ndipo wodwala amatha kutuluka m'chipatala patapita tsiku limodzi kapena awiri. Kafukufuku wochitika ku India ndi ku Tunisia m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti kwa odwala oyenera, kabaluni kamatsegula khomo mofanana ndi opaleshoni yotsegula mtima, ndipo ubwino wake umakhalitsa zaka zambiri.

Mawu akuti "oyenera" ndi olemera pamenepa. Kabaluni kamafuna zitseko zimene zikadali zofewa, zopanda miyala yambiri ya calcium, khomo losadontha kwambiri, ndiponso chipinda chapamwamba chopanda magazi oundana, chifukwa kachubu kakagunda chibulumwa cha magazi chikhoza kuthawira ku ubongo. Kwa mayi woyembekezera njirayi ndi dalitso lalikulu. Pa nthawi ya pakati magazi amachuluka m'thupi ndi pafupifupi theka, ndipo amayi ambiri amazindikira koyamba kuti khomo lawo ndi lopanikizika pamene mimba yafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, phuma litawapanikiza. Kabaluni kakhoza kugwiritsidwa ntchito mayi ali ndi pakati, pamene opaleshoni yoimitsa mtima imaika moyo wa mwana wosabadwayo pa chiswe.

Kudzera pa fupa la pachifuwa kapena m'nthiti

Kuti dotolo alione khomo ndi maso ndi kulisoka, mtima uyenera kuima ndi kuuma magazi. Zimenezi zinatheka kuyambira mu 1953, pamene John Gibbon ku Philadelphia anagwiritsa ntchito bwinobwino makina otenga ntchito ya mtima ndi mapapo kwa kanthawi. Opaleshoni iliyonse yokonza kapena kusintha khomoli, kaya bala lake ndi lalikulu kaya laling'ono, imadalira makina amenewa. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amaganiza kuti bala likachepa ndiye kuti mtima sunaimitsidwe.

Njira yakale, imenenso ikugwiritsidwa ntchito kwambiri mpaka lero, ndiyo kucheka fupa la pakati pa chifuwa kuchokera m'munsi mwa khosi kutsika masentimita pafupifupi 20. Dotolo amauona mtima wonse, amaugwira ndi manja, ndipo china chikalakwika amachifikira msanga. Akamaliza amamanga fupa ndi mawaya, ndipo limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane bwino. Pa nthawiyi wodwala sayenera kusenza ndowa, kulima kapena kupalasa njinga. Vuto loopsa, ngakhale silichitika kawirikawiri, ndi lakuti bala la fupa lilowe tizilombo, makamaka kwa odwala shuga ndi onenepa kwambiri.

Njira yachiwiri inayamba m'zaka za m'ma 1990. Dotolo amacheka masentimita 5 kapena 6 pakati pa nthiti za kudzanja lamanja, amalowetsa kamera ndi zipangizo zazitali, ndipo makina a mtima ndi mapapo amawalumikiza ku mitsempha ya m'mphechepeche. Alain Carpentier ku Paris anakonza khomo la mitral motere mothandizidwa ndi kamera mu 1996, ndipo mu 1998 iye ndi Friedrich Mohr wa ku Leipzig anayamba kugwiritsa ntchito makina a loboti, amene dotolo amawayendetsa atakhala pa mpando chapatali pang'ono ndi wodwala. Tisanamizidwe ndi dzinalo: loboti saganiza, sasankha, amangotsanzira manja a munthu. Makinawo ndi odula kwabasi, ndipo opaleshoni yake imakwera mtengo moteronso.

Fupa likapanda kuchekedwa wodwala sataya magazi ambiri, amabwerera msanga ku ntchito zina, ndipo chipsera chimabisika m'munsi mwa bere. Chipseracho sitichipeputsa. Anthu akhungu lakuda ambirife zipsera zathu zimatukuka, ndipo pakati pa chifuwa ndi malo amodzi amene zimatukukira kwambiri. Kwa mtsikana amene moyo wake wonse uli kutsogolo, imeneyi si nkhani yachabe. Koma njirayi ili ndi mtengo wake. Imatenga nthawi yaitali, mtima umakhala woima nthawi yotalikirapo, mitsempha ya m'mphechepeche ikhoza kuvulala, ndipo kwa anthu okalamba a mitsempha youma, magazi opopedwa kuchokera m'munsi akhoza kukokolola tizidutswa topita ku ubongo. Nthawi zina zinthu zikavuta pakati pa ntchito, dotolo amakakamizika kucheka fupa ndithu. Amene anadwalapo chifuwa chachikulu kapena mafinya m'chifuwa cha kumanja, mapapo ake amakhala atamatirira ku nthiti ndipo njira imakhala yotsekeka. Komanso rheumatic fever kawirikawiri sawononga khomo limodzi lokha. Ngati khomo la aortic nalonso likufunika kusinthidwa, madotolo ambiri amasankha kudzera pa fupa.

Kwa zaka zambiri mbali iliyonse inkatamanda njira yake popanda umboni wokwanira. Mu 2023 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Britain wotchedwa UK Mini Mitral, wotsogozedwa ndi Enoch Akowuah wa ku Middlesbrough. Odwala 330 m'zipatala 10 anagawidwa mwa maere, ena kudzera pa fupa, ena m'nthiti, ndipo aliyense anachitidwa opaleshoni ndi dotolo wozolowera njirayo. Patapita masabata 12, mphamvu zogwirira ntchito za tsiku ndi tsiku zinali zosasiyana kwenikweni m'magulu awiriwo. Makomo anakonzeka mwa odwala pafupifupi 96 pa 100 mbali zonse ziwiri. Odzera m'nthiti anatuluka m'chipatala msanga ndi tsiku limodzi, masiku 5 poyerekeza ndi 6, ndipo patapita chaka panalibe kusiyana koonekeratu pa imfa kapena pa kubwereza opaleshoni. Odwala onsewo anali a khomo lolendewera lija, osati la rheumatic fever. Ife tikaziwerenga zimenezi tikuona kuti banja limene likusankha pakati pa kulipira ndalama zowonjezera za bala laling'ono ndi kusunga ndalamazo kuti zithandize pa mankhwala ndi maulendo a ku chipatala m'zaka zotsatira, silikulakwa likasankha chachiwiricho.

Palinso kusankha kwina kumene wodwala sakuona: atafika pa mtima, dotolo akhoza kulowa m'chipinda chakumanzere molunjika kudzera m'mbali mwake, kapena kudzera m'chipinda chakumanja n'kuboola khoma lapakati. Njira yachiwiriyi imathandiza pamene chipinda chili chaching'ono kapena khomo la tricuspid likufunikanso kukonzedwa, koma ikatalikitsidwa kufika ku denga la mtima imatha kusokoneza kagundidwe kake kwa kanthawi. Zimenezi tiwasiyire eni ntchito.

Kukonza kapena kusintha

Apa ndiye pagona nkhani. Mu 1960 ku Portland, dotolo Albert Starr ndi injiniya wopuma pa ntchito Lowell Edwards, amene ankapanga mapampu, anaika bwinobwino mwa munthu khomo lopanga: kampira kotsekeredwa m'kakhola ka chitsulo. Kwa nthawi ndithu kusintha khomo kunaoneka ngati yankho la zonse. Carpentier yemwe uja ndiye anabweza maganizo a madotolo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anaonetsa kuti khomo lodontha likhoza kukonzedwa: kudula kachigawo kolendewera, kusuntha kapena kuwonjezera tizingwe, ndi kusokerera mphete pa felemu kuti ibwerere mu msinkhu wake.

Khomo lokonzedwa ndi la mwini wake. Silifuna mankhwala osungunula magazi a moyo wonse, silitenga tizilombo msanga ngati lopanga, ndipo tizingwe tikasungidwa chipinda chapansi chimasunga mphamvu zake. M'zipatala zozolowera ntchitoyi, pa odwala a khomo lolendewera, amene amamwalira pa opaleshoni yokonza ndi pafupifupi 1 pa 100 kapena kucheperapo, pamene pa yosintha chiwerengero chimakhala chokwererapo, mwa zina chifukwa osinthidwawo amakhala odwalitsa kale. Nchifukwa chake ngakhale posintha khomo, madotolo a lero amayesetsa kusiya tizingwe tija osatidula.

Komabe kukonza sikupambana nthawi zonse. Pa khomo lodontha chifukwa chakuti mtima unafooka ndi kutsekeka kwa mitsempha yake, kafukufuku wa odwala 251 ku America ndi ku Canada anapeza mu 2016 kuti patapita zaka ziwiri, kudontha kunabwerera mwa odwala pafupifupi 59 pa 100 okonzedwa, koma mwa 4 okha pa 100 osinthidwa, ndipo pa imfa panalibe kusiyana koonekeratu.

Khomo la rheumatic fever ndiye lovuta koposa. Zitseko zake ndi zokhuthala ndi zofupika, kotero dotolo ayenera kuzisenda, kupatula makona, kulekanitsa tizingwe tophatikana, mwinanso kuwonjezera chigamba chochokera ku nembanemba yokuta mtima wa wodwala yemweyo. Ndi ntchito ya mmisiri weniweni, ndipo si aliyense amene amaitha. Manuel Antunes, amene anakonza makomo ambiri a achinyamata ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti n'zotheka, komanso kuti matendawo akapitirira kuyaka khomo lokonzedwalo limawonongekanso ndipo ena amabwerera pa tebulo. Ngakhale zili choncho, kwa mwana amene akukula ndi kwa mtsikana amene adzafuna kubereka, madotolo ambiri amaona kuti zaka khumi za khomo lake lokonzedwa ndi zamtengo wapatali.

Likakanika kukonzeka, pali mitundu iwiri ya makomo opanga, ndipo uliwonse uli ndi mtanda wake. Loyamba ndi limene anthu amati lachitsulo, ngakhale kuti a masiku ano zitseko zake ndi za carbon wolimba. Mtundu wa zitseko ziwiri umene wafala unayamba mu 1977. Silitha, likhoza kukhala moyo wonse wa munthu, ndipo usiku kukakhala zii limamveka kugunda ngati wotchi. Koma magazi amakonda kuundana pa ilo, choncho wodwala ayenera kumwa warfarin tsiku lililonse mpaka imfa, ndi kuyezetsa magazi kawirikawiri pa muyeso wotchedwa INR, umene pa khomo la mitral uyenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ukatsika, khomo likhoza kutsekeka kapena munthu kufa ziwalo. Ukakwera, akhoza kutaya magazi m'mimba kapena mu ubongo.

Warfarin ndi mankhwala okangana ndi zambiri. Ndiwo zamasamba monga mpiru, nkhwani, bonongwe ndi chisoso zili ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu yake. Sikuti wodwala aleke masamba ayi, koma adye mofanana sabata ndi sabata, zimene n'zovuta m'dziko limene dzinja masamba ali mbwee, chilimwe n'kusowa. Rifampicin wa chifuwa chachikulu amafooketsa warfarin kwambiri, Bactrim amamuwonjezera mphamvu mpaka kuopsa, ndipo ena mwa ma ARV amamusokonezanso. Mankhwala azitsamba osadziwika muyeso wake ndi oopsa chimodzimodzi. Ena amva kuti kunabwera mankhwala atsopano osungunula magazi osafuna kuyezetsa. Alipodi, koma si a munthu wa khomo lachitsulo. Ndiponso mu 2022 kafukufuku wotchedwa INVICTUS, wa odwala oposa 4,500 a matenda a rheumatic amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, anapeza kuti omwa rivaroxaban anamwalira ambiri kuposa omwa mankhwala akale a mtundu wa warfarin.

Kwa mayi pali chinanso. Warfarin amadutsa kupita kwa mwana m'mimba, ndipo akhoza kumupundula, makamaka pakati pa sabata la 6 ndi la 12. Kumusiya popanda china cholowa m'malo mwake ndi kuika moyo wa mayi pa ngozi. Amayi ambiri a makomo achitsulo abereka bwino, koma moyang'aniridwa ndi madotolo kuyambira mimba isanayambe. Nkhaniyi iyenera kukambidwa momasuka opaleshoni isanachitike, mwini wake alipo, osati amalume ndi azakhali okha.

Mtundu wachiwiri ndi khomo la minofu ya nyama, lochokera ku khomo la mtima wa nkhumba kapena ku nembanemba ya mtima wa ng'ombe. Kawirikawiri silifuna warfarin wa moyo wonse ngati mtima ukugunda molongosoka. Koma limatha. Mwa munthu wokalamba limakhala zaka 10 mpaka 15 kapena kuposa. Mwa wachinyamata limauma msanga, nthawi zina zaka 10 zisanakwane, ndipo mwa mwana msanga koposa. Malangizo a ku Ulaya ndi ku America amakondera khomo lachitsulo kwa odwala a zaka zochepa, koma malangizowo analembedwa kumene kuyezetsa INR kuli pafupi ndiponso opaleshoni yachiwiri ilipo. Wa kwathu kuno ayenera kufunsa mafunso awiri amene sali m'mabukuwo: kodi ndidzatha kufika ku chipatala choyeza INR mwezi ndi mwezi kwa zaka 40? Nanga kodi mudzi umene wandisonkhera lerowu udzathanso kundisonkhera kachiwiri? Madotolo a Salam Centre pafupi ndi Khartoum, chipatala chimene bungwe la ku Italy la Emergency linatsegula mu 2007 kuti lichite opaleshoni ya mtima mwaulere kwa odwala a m'mayiko ambiri a mu Africa, anaona msanga kuti ntchito yotsatira odwala ndi kuyeza magazi awo ndi yaikulu ngati opaleshoni yomwe. Nkhondo imene inabuka ku Sudan mu 2023 inasokoneza kwambiri ntchito imeneyo, ndipo inaonetsa mmene moyo wa munthu wa khomo lachitsulo umapachikidwira pa kam'bulu kakang'ono kofika pa nthawi yake.

Za kapini kotchedwa MitraClip tingonena mwachidule. Dotolo wa ku Italy, Ottavio Alfieri, anayamba mu 1991 kusoka pakati pa zitseko ziwiri kuti khomo lileke kudontha, ndipo akatswiri anapanga kapini kochita zomwezo kudzera mu mtsempha, kamene kanaikidwa koyamba mwa munthu mu 2003. Kamathandiza okalamba ndi ofooka amene sangapirire opaleshoni. Mu 2018 kafukufuku wa COAPT, wa odwala 614 a mtima wofooka, anapeza kuti patapita zaka ziwiri anamwalira 29 pa 100 mwa oikidwa kapini poyerekeza ndi 46 pa 100 mwa omwa mankhwala okha, ngakhale kuti kafukufuku wina wa ku France chaka chomwecho sanapeze phindu lotere. Koma kapini kamachepetsa khomo, choncho pa khomo lopanikizika kale ndi rheumatic fever kangawonjezere vuto.

Nthawi, ndi za pambuyo pake

Dotolo waluso bwanji sangabweze mtima umene watopa kale. Khomo likadwala zaka zambiri, mitsempha ya m'mapapo imauma, mbali yakumanja ya mtima imafooka, miyendo ndi mimba zimatupa, chiwindi chimavutika, ndipo mtima umayamba kugunda mosalongosoka. Wodwala wotere opaleshoni yake ndi yoopsa kwambiri kuposa ya amene wafika akadali ndi mphamvu, kaya alowere pa fupa kaya m'nthiti. Kafukufuku wotchedwa REMEDY, wotsogozedwa ndi Bongani Mayosi ndi Liesl Zühlke a ku Cape Town, anatsatira odwala 3,343 m'mayiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndiponso ku India ndi Yemen. Theka la odwalawo anali a zaka 28 kapena kucheperapo, awiri mwa atatu aliwonse anali akazi, ndipo patapita zaka ziwiri pafupifupi 17 pa 100 anali atamwalira. Ambiri anafika ku chipatala matenda atakula kale. Miyezi imene imatha banja likuyendayenda, mwina kwa asing'anga, mwina podikira mndandanda wa otumizidwa kunja, ndi miyezi imene mtima ukulipira.

Wodwala akabwerako ndi khomo latsopano, rheumatic fever sanachoke m'thupi mwake. Jakisoni wa benzathine penisilini wa masabata atatu kapena anayi aliwonse ayenera kupitirira, kwa ambiri mpaka zaka 40 zakubadwa kapena moyo wonse, monga dotolo angalamulire, chifukwa matendawo akayakanso amawononga khomo lokonzedwalo kapena kugwira lina. Mano ayenera kusamalidwa, popeza tizilombo ta m'kamwa tikalowa m'magazi timakonda kumanga pa khomo lopanga. Wozula dzino auzidwe za khomolo asanagwire chipangizo. Kutentha thupi kwa masiku angapo kusangotengedwa ngati malungo popanda kuyezetsa. Ndipo wodwala asachoke ku chipatala cha kunjako popanda kalata yonena mtundu ndi kukula kwa khomo limene aikidwa, muyeso wa INR wofunika, ndi zotsatira za echo yomaliza, pakuti amene adzamuone ku chipatala cha boma adzayambira pa pepala limenelo.

Ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, imene mayiko a mu Africa anavomereza pansi pa bungwe la World Health Organization mu 2022 ndipo kuno kwathu inayambira m'boma la Neno, cholinga chake n'chakuti echo, kuyeza INR ndi chisamaliro cha odwala oterewa zipezeke m'zipatala za m'maboma, osati ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu kokha. Ku Gulu m'dziko la Uganda, kafukufuku wotchedwa GOAL amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 anatenga ana oposa 900 amene echo inaonetsa kuti makomo awo ayamba kugwidwa ngakhale sankamva kanthu. Theka ankabayidwa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, theka ayi. Mwa obayidwawo matenda anakula mwa ana osakwana 1 pa 100, pamene mwa osabayidwa anakula mwa ana 8 pa 100.